Funso la mwana wa Form 4: ngati chikepe cha Einstein sichisiyana ndi dziko, mwezi umakoka bwanji nyanja?

Nachisale:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Lero m'kalasi mtsikana wina wandifunsa funso lomwe landikhala pamtima mpaka pano. Ndimaphunzitsa za force ndi acceleration nde ndinangotchulako kuti Einstein ananena zoti munthu atatsekeredwa mu chikepe chopanda windo sangadziwe ngati ali pa dziko kapena ali mu roketi yomwe ikuwonjezera liwiro ndi 9.8 m/s². Mwanayo akuti madamu, ngati sizisiyana ndekuti gravity kulibe, nanga mwezi umakoka bwanji nyanja ngati kulibe? Ndamuuza kuti tikambirana Lachinayi. Sindikufuna kukamuuza kuti sizili pa silabasi, mwana wofunsa chonchi sabwezedwa manja ali m'khosi. Tithandizane.

Limbani_Joni:
Madamu gravity ilipo, amuuze atole mwala ataye aone. Komwe kulibe ndi kumwamba uko, simuona ma astronaut aja mu ISS, chombo chija chozungulira dziko m'mlengalenga, amangoyandama

Mphatso:
Achimwene a Limbani pamenepo nde pomwe ambiri amasochera. ISS ili pa mtunda wa makilomita 400 okha kuchoka pansi pano, pomwe kuchoka pano kukafika pakati pa dziko ndi makilomita 6,371. Ndekuti sanapite patali ayi. Gravity kumeneko ndi pafupifupi 90% ya yomwe tili nayo kuno. Akuyandama chifukwa akugwa, iwowo ndi chombo chawo chomwe, onse limodzi.

Madala Gondwe:
Mwana wanga kugwa kwake kotani kosafika pansi? Chombocho anthu akhalamo kuyambira chaka cha 2000.

Mphatso:
Madala chikugwadi, koma chikuthamanganso cham'mbali pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Pomwe chikutsika, dziko nalo likupindika pansi pake chifukwa ndi lozungulira, nde sichilipeza. Mphindi 90 ndi pang'ono chazungulira dziko lonse. Munthu ali mkatimo, supuni yake, madzi ake, zonse zikugwa mofanana nde palibe chomwe chikupsinja chinzake.

Thoko_CT:
Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ndimaikonda heavy. Madamu musanapite patali yesani izi pompano. Pafupifupi foni iliyonse ya smart ili ndi accelerometer, kachipangizo komwe kamapangitsa sikirini kutembenuka mukapendeketsa foni. Pangani download app iliyonse yowonetsa manambala ake. Ikani foni pa tebulo osaigwira. Muona ikulemba 9.8 kuloza m'mwamba ngakhale siyikusuntha. Kenako muigwetsere pa matiresi, muona kanthawi komwe ili m'malere ikulemba pafupifupi 0. Ganizani bwino zimenezo. Foni yokhala phee ikuti ndikukankhidwa, foni yakugwa ikuti palibe chikundikhudza.

Limbani_Joni:
Aaa sisi zimenezo zatembenuzika, imayenera kulemba 9.8 pomwe ikugwa

Thoko_CT:
Yesani achimwene, sizitenga mphindi ziwiri. Pa matiresi chonde.

Limbani_Joni:
Ndayesa kanayi. Zoona. Ikugwa mzere ukutsika mpaka pa zero kenako ikamenya matiresi ukudumpha kwambiri. Nde ndifotokozereni chifukwa mutu wanga waima

Thoko_CT:
Chomwe mumamva ngati kulemera kwanu si dziko kukukokani, ndi pansi kukukankhani. Mukakhala pa benchi nthawi yaitali chomwe chimapweteka ndi pomwe benchi ikukukankhani. Gravity payokha siyimveka m'thupi chifukwa imakoka kachidutswa kalikonse ka thupi mofanana, mutu, chiwindi, magazi, zonse pamodzi. Einstein anazindikira zimenezi mu 1907 ali pa ntchito ku ofesi ya ma patent ku Bern, Switzerland, kuti munthu amene akugwa samva kulemera kwake. Kuchoka pamenepo zinamutengera mpaka November 1915 kuti amalize general relativity, chiphunzitso chake cha gravity. Zaka 8 pa ganizo limodzi lomwelo.

Che Bwanali:
Ine ndi dalaivala wa thiraki sukulu yanga ndi yochepa koma ndikutsatira. Ndikaponda mabuleki mwamphamvu zonse za mu kabini zimathamangira kutsogolo, botolo la madzi, foni, ngakhale ineyo lamba amandigwira. Palibe wazikankha. Ndi zomwezo?

Mphatso:
Ankolo mwalasa penipeni. Munthu woima m'mbali mwa msewu akuona kuti botolo likungopitiriza ulendo wake, thiraki ndi yomwe yasintha liwiro. Koma inu muli mkati mukuona ngati pabwera mphamvu yokokera zonse kutsogolo. Nde onani chinthu chimodzi, botolo lodzaza ndi lopanda kanthu zimanyamuka mofanana, mphamvuyo siyisankha cholemera kapena chopepuka. Gravity nayo ndi chimodzimodzi. Mu 1971 David Scott wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi pomwe palibe mpweya, zinafika pansi nthawi imodzi, video yake ili pa YouTube. A ku France anatumiza setilaiti yotchedwa MICROSCOPE mu 2016 kukayesa titanium ndi platinum ngati zikugwa mosiyana, sanapeze kusiyana mpaka pa gawo limodzi mwa 10^15, ndiye kuti 1 wotsatidwa ndi ma zero 15. Kufanana kumeneku ndi komwe kunamupatsa Einstein maganizo oti mwina mphamvu ziwirizi ndi mtundu umodzi.

Nachisale:
Mpaka apa ndili nanu limodzi ndipo izi ndikanatha kumufotokozera. Koma mukuona kuti mukumupatsa mphamvu mwana uja eti? Ngati kugwa kumachotsa gravity, ndipo roketi imatha kuipanga, ndekuti akunena zoona kuti ndi nkhani ya pomwe waima basi. Nanga nyanja?

Mphatso:
Madamu apa nde pagona nkhani. Mawu omwe amasiyidwa kawirikawiri pofotokoza za chikepe chija ndi oti chikhale chaching'ono ndipo muyese kwa kanthawi kochepa. Chikakula kusiyana kumaoneka.

Tengani miyala iwiri, umodzi dzanja lamanja wina lamanzere, italikirane mita imodzi. Mu roketi mukaisiya imatsika ngati njanji, mpata wake susintha, chifukwa kwenikweni miyalayo yangokhala, pansi pa roketi ndi pomwe pakubwera kudzaipeza. Pa dziko mwala uliwonse ukulunjika pakati pa dziko, nde njira zawo zili ngati masipoko a njinga, zikupita kokakumana pa habu. Ikamatsika imayandikana. Ndawerengera, mukaigwetsa kuchoka pa mamita 10 imayandikana ndi ma micrometre 1.6, tsitsi limodzi ndi lonenepa kuposa pamenepo maulendo makumi angapo. Nchifukwa chake ndi maso simungaone koma kulipo.

Kenako ikani mwala wina pamwamba wina pansi. Wapansi uli pafupi ndi dziko nde ukukokedwa kwambiri pang'ono, mpata wawo umakula. Ndekuti chinthu chikamagwa chimatamuka m'litali ndi kufinyika m'mbali. Izi nde ma tidal effects. Ndipo izi simungazichotse, kaya mudumphe kaya mukwere roketi yanji. Mutha kufufuta gravity pa malo amodzi pomwe muli, koma kusiyana kwa pano ndi apo kumatsala.

Thoko_CT:
Eya. Ndipo dziko lathu lonseli ndi chikepe chachikulu chomwe chikugwa. Likugwera ku dzuwa, likugweranso ku mwezi pang'ono. Kukoka kwa mwezi kwenikweniko sitikumva chifukwa tikugwa nalo limodzi dzikoli ngati anthu a mu ISS aja. Chotsala ndi kusiyana kokha, poti dziko ndi lalikulu makilomita 12,700 kuchoka mbali ina kufika ina, silingakhale kachikepe kakang'ono.

Che Bwanali:
Apa nde mwafika kwathu. Ine ndimapita ku Beira kukatenga katundu pa doko. Koyamba ndinadabwa, m'mawa madzi ali pafupi, masana athawa patali kwatsala matope okhaokha mabwato atakhala pansi, madzulo abwereranso. Ndipo nthawi yake imasuntha, lero akadzaza 6 koloko mawa amachedwerapo. Chomwe chimandizunguza ndi chakuti amadzaza kawiri pa tsiku. Mwezi ndi umodzi, umadutsa pamwamba pathu kamodzi. Kachiwiriko akukoka ndani?

Mphatso:
Ankolo funso limeneli ndi lomwelo la miyala iwiri ija, wina pamwamba wina pansi. Mwezi uli pa makilomita pafupifupi 384,000. Madzi a mbali yoyang'ana mwezi ali pafupi nde akukokedwa kuposa pakati pa dziko, amatsogola. Madzi a mbali ya kuseri ali patali nde akukokedwa mochepera kuposa pakati pa dziko, amatsalira m'mbuyo. Mukaziona muli pa dziko, mbali zonse ziwiri zikutamukira kunja. Palibe chomwe chikukoka kuseriko, dziko ndi lomwe likuwasiya. Nde dziko likamazungulira mumadutsa mbali zonse ziwiri, kudzaza kumabwera pakapita maola 12 ndi mphindi 25. Kuchedwa komwe mwaonako ndi mphindi pafupifupi 50 pa tsiku, chifukwa mwezi nawo umakhala wasuntha pa ulendo wake.

Madala Gondwe:
Ndakulira m'mphepete mwa nyanja ku Nkhata Bay. Nyanja yathu siyichita zimenezo. Imakwera nthawi ya mvula, imatsika chilimwe, mafunde amabwera ndi mwera. Ngati mwezi umakoka madzi bwanji sukoka athuwa? Madzi ndi madzi.

Thoko_CT:
Madala funso lanu likutsimikiza nkhani yonseyi. Mwezi ukanakhala kuti umangonyamula madzi bwenzi ndi mu ndowa momwe akukwera. Koma chogwira ntchito ndi kusiyana kwa kukoka pakati pa malo awiri, ndipo kusiyanako ndi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a gravity ya dziko. Kuti kaphindu kaoneke pamafunika madzi otambalala makilomita masauzande kuti kukankha kochepako kuunjikane. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita osafika 600 ndipo ndi yopapatiza, mbali zake zonse zikukokedwa pafupifupi mofanana. Kamayendedwe kalipo koma ndi kakang'ono kwambiri, mwera ukawomba kamakwiririka.

Komanso ndiwonjezere pa zomwe wanena Mphatso, chithunzi cha mbali ziwiri zotukuka chija chimathandiza kumvetsa chiyambi chake koma nyanja zenizeni zili ndi makontinenti otchinga, madzi amakhavuka m'mabeseni mwake ngati mu bafa mukaligwedeza. Nchifukwa chake malo amasiyana. Ku Beira kusiyana kwa kuphwa ndi kudzaza kumatha kupitirira mamita 6 chifukwa cha Mozambique Channel ndi madzi osaya a Sofala Bank. Ku Bay of Fundy ku Canada kumafika mamita 16. Ku Mediterranean malo ambiri ndi masentimita ochepa chabe.

Madala Gondwe:
Ndamva mwana wanga. Zikomo.

Thoko_CT:
Ndipo madala nthaka yomwe mwapondayo nayo imakwera ndi kutsika masentimita makumi angapo tsiku lililonse, simumva chifukwa nyumba, mitengo, phiri zonse zikukwera limodzi. Ku CERN, malo a kafukufuku wa physics ku Geneva, makina awo akale othamangitsa tizidutswa ta ma atomu a LEP, ozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka, ankaona zotsatira zikusintha motsatira mwezi chifukwa mwala ukapindika mzere wonsewo unkasintha ndi pafupifupi milimita imodzi.

Limbani_Joni:
Nanga dzuwa? Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi kutalitali, bwanji timangomva za mwezi

Mphatso:
Dzuwa limakoka dziko mwamphamvu kuposa mwezi maulendo pafupifupi 180. Koma lili patali makilomita 150 miliyoni nde mbali ziwiri za dziko kwa ilo zili ngati pamalo amodzi. Kukoka kumachepa ndi square ya mtunda koma kusiyana kwa kukoka kumachepa ndi cube. Mapeto ake gawo la dzuwa pa nyanja ndi lochepera theka la la mwezi, 46% chakuti. Zikakhala pa mzere umodzi, mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mu mdima, zimathandizana madzi amadzaza kwambiri.

Che Bwanali:
Zimenezo nzoona asodzi a kumeneko amawerengera mwezi

Anaphiri:
Pepani ndifunse nawo. Thupi la munthu akuti ndi madzi ambiri. Kumudzi amati odwala matenda akugwa amavutika kwambiri mwezi ukakhala mwakuti. Ndekuti ndi kukoka komweku?

Thoko_CT:
Ayi mayi, mbali ya gravity palibe. Munthu ndi wosafika mamita awiri, kusiyana kwa kukoka kwa mwezi pa mutu ndi pa phazi ndi kochepa moti khoma la nyumba lomwe mwatsamira limakupangani zambiri kuposa mwezi. Ngati nyanja ya Malawi yonse ija ikulephera kuonetsa, thupi silingathe. Wodwala khunyu apite naye kuchipatala, mankhwala ake alipo ndipo amathandiza akamamwa mosadumphitsa.

Nachisale:
Ndikulemba zonsezi. Koma izi za nyanja Newton anazifotokoza kale mu 1687 eti? Nde Einstein wawonjezera chani? Mwana uja afunsa zimenezo, ndikumudziwa.

Mphatso:
Newton anafotokozadi ndipo masamu ake amagwira bwino pa nyanja mpaka lero. Kusiyana kuli pa kamvedwe. Kwa Newton mwala wakugwa ukukokedwa ndi force, munthu woima pansi ali phee. Kwa Einstein mwala wakugwa ndi womwe ukuyenda njira yake yowongoka popanda choukankha, woima pansi ndi amene akukankhidwa kuchoka pa njira yakeyo, monga foni ya a Limbani yanenera. Nde funso limabwera, ngati miyala iwiri ija yonse ikuyenda mowongoka, inayamba ngati njanji, ikuyandikana bwanji?

Ganizani anthu awiri aima pa equator, wina ku Uganda wina ku Gabon. Onse ayang'ana kumpoto, ayamba kuyenda osakhota. Poyamba njira zawo zili ngati njanji. Koma akamapita mpata ukuchepa mpaka akakumana ku North Pole. Palibe chingwe chawakoka, pomwe akuyendapo ndi popindika. Einstein anati miyala ija ndi chimodzimodzi, chopindika ndi spacetime, malo ndi nthawi pamodzi. Ndekuti kuphwa ndi kudzaza komwe ankolo amaona ku Beira ndi kupindikako kukuonekera. Mu masamu chimayezedwa ndi Riemann tensor. Mu roketi yomwe ili kutali ndi nyenyezi iliyonse Riemann tensor ndi zero ngakhale injini ikankhe bwanji. Pafupi ndi dziko si zero ngakhale mugwe bwanji. Yankho la mwana uja ndi limeneli, gravity yeniyeni ndi yotsalayo, inayo ndi ya pomwe waima.

Thoko_CT:
Mphatso apa ndikutsutsako pang'ono, osati masamu koma mawu oti yeniyeni. Mabuku ambiri a masiku ano amanenadi choncho, kuti gravity ndi curvature, kupindika kuja, basi. Koma Einstein mwini wake sankaona choncho, kwa iye zomwe munthu wa mu roketi akumva zinali gravitational field ndithu, ndipo mfundo yake inali yoti inertia, kuja kwa botolo la ankolo kupitiriza ulendo wake, ndi gravity ndi chinthu chimodzi. Tikamuuza mwana kuti 9.8 ija ndi yabodza asokonezeka, poti ndi yomwe imathyola mwendo munthu akagwa mu mtengo wa mango. Bola kumuuza kuti pali mbali yomwe imasintha malinga ndi momwe ukuyendera, ndi mbali yomwe aliyense amavomerezana.

Mphatso:
Chothyola mwendo ndi nthaka sisi osati gravity, nthawi yonse yomwe ali m'malere samva kanthu

Thoko_CT:
Zoona, koma chamufikitsa pa nthakapo ndi liwiro limenelo nchani? Ukuona kuti tikukangana pa dzina. Pa zoyeza tikugwirizana.

Mphatso:
Pa zoyeza tikugwirizana, ndavomera. Koma ine ndikhalabe ku mbali ya curvature chifukwa ndi yokhayo yomwe singafufutike.

Limbani_Joni:
Ine ndinamva kuti umboni wa kupindikako ndi mawotchi, akuti wotchi ya pamwamba imathamanga kuposa ya pansi, GPS imadalira zimenezo

Thoko_CT:
Mawotchiwo nzoona. Asayansi awiri, Pound ndi Rebka, anayeza ku Harvard mu 1960 pa nsanja ya mamita 22.5. Masetilaiti a GPS ali pa makilomita 20,200, mawotchi ake amatsogola ndi ma microsecond 45 pa tsiku chifukwa chokhala pamwamba, amatsalira ndi 7 chifukwa cha liwiro, zotsala 38, ndipo anazikonzeratu. Koma chenjerani apa. Mu roketi ija yomwe mulibe kupindika kulikonse, wotchi ya kudenga imatsogolanso kuposa ya pansi. Chifukwa chake nchosavuta, kuwala kukachoka pansi kupita kudenga, pomwe kukufika denga limakhala lawonjezera liwiro kuthawa, nde kumafika kotamuka, wa kudengayo amaona ngati wotchi ya pansi ikuchedwa. Ndekuti nsanja imodzi payokha ikungotsimikiza za chikepe chija. Kupindika kumaoneka mukaphatikiza nsanja zambiri kuzungulira dziko, ya ku Lilongwe ikuloza uku ya ku Hawaii ikuloza mbali ina, onse akuti tikukankhidwira m'mwamba koma dziko silikufufuma. Palibe roketi imodzi yomwe ingapange zimenezo.

Nachisale:
Imeneyo nde yandigwira mtima. Aliyense pa dziko akukankhidwira m'mwamba koma dziko silikukula.

Mphatso:
Madamu ngati mukufuna zoti ana atsegule maso, auzeni za comet, nyenyezi ya mchira ija, yotchedwa Shoemaker-Levy 9. Mu 1992 inadutsa pafupi kwambiri ndi Jupiter, kutamula komweku kunaiphwanya zidutswa zopitirira 20 zitandandana ngati mikanda, mu July 1994 zinakagwera pa Jupiter chimodzichimodzi anthu akuonera pa ma telescope. Komanso ma gravitational waves omwe LIGO, makina a ku America a mikono iwiri yaitali, inagwira pa 14 September 2015 ndi kutamula ndi kufinya komweku koma kukuyenda ngati funde, mkono wina wa makilomita 4 ukutalika wina ukufupika.

Thoko_CT:
Koma musawapatse zonse tsiku limodzi. Period imodzi ndi mphindi 40. Ine ndikanayamba ndi botolo. Boolani botolo la pulasitiki m'mbali cha pansi, thirani madzi, aone akutuluka pa bowo. Mwana mmodzi akwere pa desiki panja alisiye ligwe. Nthawi yomwe likugwa madzi amasiya kutuluka chifukwa botolo ndi madzi zikugwa limodzi. Wina ajambule pa foni slow motion. Kenako pa bolodi jambulani dziko ndi miyala iwiri ija, mufunse mtsikanayo yekha kuti mu roketi ikanatani. Ayankha yekha ameneyo.

Nachisale:
Ndayesa pompano kuseri kwa nyumba ndi botolo la malita awiri koma madzi sakutuluka bwino ngakhale ndisanaligwetse, akungodontha

Che Bwanali:
Madamu chotsani chitsekerero, mpweya ulowe pamwamba. Ndi momwe timachitira ndi zigubu.

Nachisale:
Zatheka. Ndagwetsa katatu, likangochoka m'manja madzi akuima. Lachinayi ndinyamula mabotolo anayi kuti gulu lililonse likhale ndi lake.